Zomwe munthu wauza ansembe kapena abusa, kodi khoti lingazifukule?

Sabata yathayi ndalandira imelo yochokera kwa mayi wina wa cha ku Ngabu, dzina sinditchula ndipo zina ndasintha pang'ono kuti anthu a kwawo asamuzindikire. Yanditengera masiku angapo kuti ndiyankhe chifukwa nkhani yake si yongoyankha uli chiimire. Mwachidule analemba chonchi:

"Achimwene, mlongo wanga wamng'ono analowa m'gulu loipa chaka chatha, iye ndi anzake awiri anatulutsa ng'ombe ziwiri m'khola la munthu usiku ndipo mnyamata woweta atadzuka anamumenya mpaka anakagona kuchipatala. Mtima sunamupatse mtendere, pa nyengo ya Lenti anakalapa kwa ansembe. Kenako anapitanso kwa abusa a tchalitchi cha akazi ake, anawafotokozera zonse mkaziyo ali pompo ndi mkulu wa mpingo mmodzi, nkuwapatsa ndalama zoti akapereke kwa mwini ng'ombe osatchula dzina. Pano apolisi amugwira. Kodi ansembe aja angawakakamize kukanena zomwe anamva? Nanga abusawo? Amayi sakugona, akuti munthu wa Mulungu sangaitanidwe kukhoti, ndi zoona?"

Achemwali, pepani kaye ndi zomwe mukudutsamo. Ndiyamba ndi funso la amayi chifukwa nde lomwe limasocheretsa anthu ambiri. Ayi si zoona. Munthu wa Mulungu akhoza kulandira samani ngati wina aliyense, kolala ya pakhosi siyimuchotsa pa mndandanda wa mboni. Funso lenileni ndi loti akaima m'bokosi muja atagwira Baibulo, nkufunsidwa kuti mnyamatayu anakuuzani chani, kodi ali ndi ufulu wokana kuyankha? Apa nde pali nkhani, ndipo yankho la ansembe ndi la abusa silifanana. Osati chifukwa wina ndi woyera kuposa mnzake ayi, koma chifukwa cha malo omwe mawuwo analankhulidwira komanso lamulo lomwe aliyense wa awiriwa analumbira kulisunga.

Tiyambe ndi kolapa kuja.

Ine ndinakulira m'tchalitchi chaching'ono cha kumudzi, cha dayosizi yathu ya Chikwawa yomwe inakhazikitsidwa mu 1965. Ansembe ankabwera mwina kamodzi pa mwezi, pa njinga yamoto, fumbi lili mbuu kumaso. Kanyumba kolapiramo kunalibe. Ankaika mpando pansi pa mtengo wa nimu kuseri kwa tchalitchi, nkuvala kansalu kofiirira kaja m'khosi, ife nkufola mzere chapatali ndithu, dzuwa la Okutobala likuwotcha mapazi koma palibe ankayerekeza kusendera pamthunzi paja nthawi yake isanakwane. Panali agogo ena osamva bwino, iwo kulankhula kwawo kunali kokuwa basi, olo kolapa. Nde agogowo akangogwada, amayi a kwaya ankayamba nyimbo mokweza popanda wowauza, ankaimba mpaka agogo atadzuka. Ndili mwana ndinkaona ngati mwina ndi mwambo wa Misa. Ndakula nkumvetsa kuti azimayi aja ankatchinga makutu a mudzi wonse, kuphatikizapo awo omwe. Ndipo ankachita zolondola ngakhale mwa lamulo, chifukwa lamulo la Mpingo wa Katolika limati si wansembe yekha, womasulira chilankhulo ngakhale munthu amene wangomva mwangozi nayenso ayenera kusunga chinsinsicho. Kuno kwathu komwe wansembe wina amabwera osadziwa Chisena nkufuna womuthandiza, mfundo imeneyi si yakutali.

Lamulo limeneli ndi lakale zedi. Mu 1215 pa msonkhano waukulu wa maepiskopi ku Lateran mu mzinda wa Rome, anagamula kuti mkhristu azilapa kosachepera kamodzi pa chaka, ndipo pompo anawonjezera kuti wansembe woulula tchimo lomwe walimva kolapa achotsedwe pa udindo nkukatsekeredwa ku nyumba ya amonke kuti akachite malipiro moyo wake wonse. Buku la malamulo a Mpingo la 1983 pa nambala 983 limanena kuti chinsinsi cha kolapa sichiswedwa, wansembe sangamupereke wolapayo kaya ndi mawu kaya ndi njira ina iliyonse, pa chifukwa china chilichonse. Nambala 984 imapitirira, imati olo asaulule, saloledwa kugwiritsa ntchito zomwe wamvazo momupweteka wolapayo. Tiyerekeze msungichuma wa parishi walapa kuti amatapa za m'mbale, bambo mfumu sangadzuke mawa lake nkumulanda makiyi chifukwa cha zomwe anamva pampando paja. Ndipo wansembe akaulula mwachindunji, nthawi yomweyo wadzidula yekha mu Mpingo popanda kudikira bwalo, ndipo womumasula ndi ku likulu ku Rome kokha, episkopi wake sangathe. Chilango chimenechi chinali pa nambala 1388, atakonzanso gawo la zilango mu 2021 chili pa 1386.

Nde mukandifunsa kuti ansembe aja akanena? Yankho langa ndi loti musayembekezere kuti anena. Akhoza kuitanidwa, akhoza kuopsezedwa, koma wansembe wodziwa chomwe ali amalolera kulowa m'selo. Mbiri ili nawo anthu otere. Ku Prague, m'dziko la Czech, pali mlatho womwe pali chiboliboli cha John Nepomucene, wansembe amene anaponyedwa mu mtsinje wa Vltava mu 1393 molamulidwa ndi mfumu Wenceslaus, ndipo Akatolika amamukumbukira ngati munthu amene anakana kuuza mfumuyo zomwe mkazi wake analapa.

Koma mvetsetsani bwino apa chifukwa nde pamene anthu amasakaniza. Zonse ndanenazi ndi malamulo a Mpingo. Amamanga pakamwa pa wansembe, samanga manja a majisitireti. Boma lili ndi malamulo akeake, ndipo funso loti khoti lilemekeza chinsinsi cha kolapa kapena ayi, dziko lililonse linaliyankha mwa njira yake.

Pali milandu iwiri yakale yomwe ndikufuna muimve chifukwa ikufanana kwambiri ndi ya mlongo wanu, yonse ndi ya katundu wobedwa amene anabwezedwa kudzera kwa munthu wa Mulungu. Woyamba unachitika ku New York mu 1813. Munthu anaberedwa katundu, patapita nthawi wansembe wina dzina lake Anthony Kohlmann anamubweretsera katunduyo. Akuluakulu a boma anati tiuzeni wakupatsani ndani, iye anakana, anati ndazidziwira kolapa. Khoti lomwe ankalitsogolera meya wa mzindawo DeWitt Clinton linagamula kuti asakakamizidwe, poti kumukakamiza kukanakhala kumulanda ufulu wa chipembedzo. Mu 1828 New York inalemba zimenezi kukhala lamulo, ndipo lero zigawo zonse 50 za America zili ndi lamulo lamtunduwu, lokhudza ansembe, abusa ndi atsogoleri a zipembedzo zina, ngakhale kuti limasiyana kukula kwake. Moti mu 1996 ku Oregon akuluakulu a ndende atajambula mobisa mawu a mkaidi akulapa kwa wansembe Timothy Mockaitis, khoti la apilo chaka chotsatira linati analakwa.

Wachiwiri unachitika ku England mu 1860. Nkhani yake yomweyomweyo, wotchi yobedwa inafika m'manja mwa apolisi kudzera kwa wansembe. Kukhoti anamufunsa kuti anakupatsani ndani, iye anakana, woweruza anati sindikukufunsani zomwe munauzidwa kolapa, ndikukufunsani amene anakupatsani wotchi, ndipo atakanabe anamutsekera chifukwa chonyoza khoti. Kenako mu 1881 pa mlandu wa Wheeler ndi Le Marchant woweruza wamkulu George Jessel ananena poyera kuti zomwe munthu wauza wansembe kolapa lamulo la England silizitchinjiriza ngati mmene limatchinjirizira zomwe wauza loya wake.

Mwina mukuti nanga za ku England zikutikhudza bwanji ife a ku Ngabu. Zikutikhudza achemwali, chifukwa muzu wa malamulo athu a m'makhoti unachokera kumeneko, mu 1902 atsamunda analamula kuti malamulo a England agwire ntchito kuno, ndipo mpaka lero maloya athu amatchulabe milandu ya kumeneko poikira kumbuyo mfundo zawo. Anansi athu a ku South Africa nawonso khoti lawo la apilo mu 1976 pa mlandu wa Smit ndi Van Niekerk linakana kupereka chitetezo chotere kwa mbusa. Pomwe ku Ireland, komwenso malamulo ake anachokera ku England, woweruza Gavan Duffy mu 1945 anapita mbali inayo, anati wansembe asakakamizidwe. Mukuona mmene zilili, muzu umodzi koma nthambi zinaloza kosiyana.

Chomwe ife tili nacho chomwe oweruza a 1881 analibe ndi malamulo oyendetsera dziko a 1994. Gawo 33 limapereka ufulu wa chikumbumtima ndi chipembedzo, gawo 21 limapereka ufulu wa chinsinsi kuphatikizapo kuti zomwe anthu akulankhulana paokha zisalowereredwe. Loya wabwino akhoza kuima pa magawo awiriwa nkunena kuti kukakamiza wansembe kuswa kolapa ndi kumuuza kuti asiye chipembedzo chake. Mfundoyo ndi yamphamvu ndipo ine ndimaigwirizana nayo. Koma gawo 44 la malamulo omwewo limalola kuti maufulu ena achepetsedwe ngati pali chifukwa chomveka chovomerezeka ndi lamulo, nde wa boma nayenso ali ndi poimira. Nchifukwa chake sindingakuuzeni kuti gonani tulo lamulo latseka chitseko. Chomwe chatseka chitseko cha kolapa ndi wansembe mwiniwakeyo. Komanso tinene zoona, wapolisi wofufuza za ng'ombe ali ndi njira zambiri zosavuta, amene anagula, amene anapereka chikalata choyendetsera ziweto, mnyamata womenyedwayo, anzake awiri aja, sangayambe ndi kukalimbana ndi episkopi pa nkhani yoti akudziwa kuti akabwerako chimanjamanja.

Tsono tibwere kwa abusa, komwe ine mtima wanga uli m'mwamba.

Choyamba, mlongo wanu sanali yekha. Panali mkazi wake, panali mkulu wa mpingo. Ngakhale m'maiko momwe muli lamulo lolembedwa lotchinjiriza zokambirana ndi abusa, makhoti amayamba afunsa kuti kodi munthuyu ankalankhula akuyembekezera kuti zithera pompo? Pakakhala anthu ena omvera, chitetezocho nthawi zambiri chimafooka kapena kugweratu. Ku Canada mu 1991 khoti lalikulu linaweruza mlandu wa mtsikana wotchedwa Gruenke amene anauza mlangizi wa kutchalitchi kwawo komanso abusa ake za munthu amene anaphedwa. Khoti linati ku Canada palibe chitetezo chongobwera chokha, nkhani iliyonse iziyang'anidwa payokha, ndipo pa iyeyo linapeza kuti sanalankhule ndi chiyembekezo choti ndi chinsinsi, umboni wa abusawo unalandiridwa.

Chachiwiri, anapereka ndalama. Ndalama ija ndi chinthu chogwirika, inachoka m'manja mwa wina nkupita m'manja mwa wina, ndipo ngati mwini ng'ombe anailandira kuchokera kwa abusa nde funso loyamba la wapolisi likhala lomwe lija la wotchi ya mu 1860, anakupatsani ndani. Mwina nkutheka kuti nde njira yomwe apolisi anadzera, kaya, inu mukudziwa bwino. Sindikunena kuti kubweza kunali kulakwa, ayi ndithu, kubweza kunali chinthu chabwino kwambiri chomwe mnyamatayu wachita chiyambire nkhaniyi, ndipo loya akhoza kuchigwiritsa ntchito popempha khoti kuti limuchepetsere chilango.

Chachitatu, mipingo yambiri ilibe lamulo ngati la Akatolika lija, ndipo si kulakwa kwawo, chiphunzitso chawo nchosiyana. Ku CCAP munthu akalakwa nkhani imapita ku bwalo la akulu a mpingo, kumeneko kuli mlembi ndi buku, zimalembedwa. M'mipingo yambiri ya chipentekoste kuvomereza tchimo poyera ndi kupereka umboni pamaso pa anthu zimatengedwa ngati mbali ya kumasulidwa. Abale athu achisilamu alibe nkomwe mwambo wolapa kwa shehe, munthu amalapa kwa Mulungu mwachindunji. A Anglican ali ndi lamulo lakale la 1603 lolangiza wansembe kusaulula zomwe wauzidwa mwachinsinsi. Nde mawu oti munthu wa Mulungu akuphimba anthu osiyanasiyana amene analonjeza zinthu zosiyana. Abusa ambiri omwe ndimawadziwa ndi anthu osunga pakamwa, ena anapita kumanda ndi nkhani za mudzi wonse, koma akusunga chifukwa cha umunthu wawo, ndipo akaima pamaso pa majisitireti atalumbira alibe lamulo la mpingo loti aloze nkunena kuti ndikayankha ndadulidwa.

Ndipo izi zikukhudzanso Akatolika, musaone ngati ndikukondera. Zomwe mwauza bambo mfumu mutakhala pakhonde mukumwa tiyi si kolapa. Zomwe mwauza akatekisiti, asisitere, wapampando wa limana, si kolapa. Ayenera kuzisunga inde, koma si khoma lomwe lija losagumuka.

Pali chinthu china chomwe chimandipweteka ndikamalemba nkhaniyi, ndipo sichikhudza khoti. Kunena zoona anthu ambiri kuno chinsinsi chawo sichiululikira kwa majisitireti, chimaululikira pa guwa. Msuweni wanga wina atayezetsa magazi nkumupeza nako kachilombo, munthu woyamba kumuuza anali mbusa wa katchalitchi komwe ankapemphera, asanauze ngakhale mayi ake. Lachisanu lake pa mapemphero a usiku mbusayo anaimirira nkunena kuti tipempherere mlongo wathu wina amene wabwera ndi zotsatira zowawa kuchokera kuchipatala, amene mwamuna wake ali ku Joni. Dzina sanatchule. Koma m'tchalitchi cha anthu osakwana makumi anayi, mkazi amene mwamuna wake ali ku Joni ndipo anamuona akukwera kabaza wopita kuchipatala Lachiwiri analipo mmodzi yekha. Ine ndinali pa benchi yakumbuyo, ndinaona mitu ikutembenuka umodziumodzi, iye anangoweramira pansi nkumapinda ngodya ya chitenje chake, kupinda nkufunyulula, kupinda nkufunyulula mpaka pemphero linatha. Sanapitenso kutchalitchi kuja, ndipo miyezi ingapo ankaopa kukatenga mankhwala pa chipatala chapafupi, ankakwera mpaka kwina kuti asakumane ndi odziwika. Mbusayo mwina ankaona ngati akuthandiza. Koma lamulo la HIV ndi Edzi lomwe aphungu anavomereza mu 2017 limateteza chinsinsi cha munthu pa nkhani imeneyi, ndipo kusatchula dzina sikuthandiza kanthu ngati wapereka zizindikiro zonse. Abusa amene mukuwerenga pano chonde, mutu wa pemphero si malo oikapo moyo wa munthu amene anakukhulupirirani. Mufunseni kaye mwiniwake.

Ndikudziwa ena mukuwerenga muli ndi funso lina m'mtima, loti nanga ngati wolapayo wagwiririra mwana, wansembe angokhala chete? Funso limeneli ndi lolemera ndipo sindikufuna kulilumpha. Ku Australia bungwe lomwe boma linakhazikitsa kuti lifufuze za nkhanza zogwiririra ana m'masukulu, m'mipingo ndi malo ena linatulutsa lipoti lake lomaliza mu 2017, ndipo zomwe linapeza m'mipingo zinali zochititsa manyazi. Zitatero zigawo ngati Victoria mu 2019 ndi Queensland mu 2020 zinakhazikitsa malamulo oti wansembe akanene ngakhale zomwe wamva kolapa. Ku Rome anatulutsa chikalata mu 2019 chonena kuti chinsinsi cha kolapa sichisintha ndi lamulo la boma lililonse. Mkangano umenewo ukadalipo.

Ine maganizo anga ndi awa. Ndimakhulupirira kuti kolapa kukhale kotseka, chifukwa tsiku lomwe anthu adzadziwe kuti mpando uja uli ndi waya wopita kupolisi, wolakwa sadzapitako nkomwe, ndipo padzasowa ngakhale munthu mmodzi womuyang'ana m'maso nkumuuza kuti siya, kadzipereke. Koma ndikukana ndi mtima wanga wonse kuti mawu oti chinsinsi azigwiritsidwa ntchito pobisa zomwe zamveka kunja kwa kolapa, zomwe nde zambiri. Mayi akabwera ku ofesi ya parishi kapena kunyumba ya abusa nkunena kuti mwana wanga akumuchita zakutizakuti bambo ake omupeza, imeneyo si nkhani yokambirana pa bwalo la mpingo nkupempherera nkutha. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limaika udindo pa achibale ndi anthu a m'dera kuti akanene akaona mwana akuzunzidwa, ndipo kuyambira 2017 malamulo oyendetsera dziko amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Kupolisi kuli ofesi ya Victim Support, kuli a zachisamaliro cha anthu ku boma, kuli nambala ya foni yaulere yothandiza ana ya 116. Tinaona nthawi ya namondwe Freddy mu 2023, mabanja atadzazana m'makalasi a sukulu ku Nsanje ndi ku Chikwawa, atsikana akugona malo amodzi ndi anthu osawadziwa, ndipo munthu woyamba amene mayi ankathamangira kukamunong'oneza vuto kawirikawiri anali wa mpingo. Munthu ameneyo akasankha kuteteza mbiri ya mpingo kusiya mwana, walakwira mwanayo ndipo walakwira Mulungu amene akuti akumutumikira. Ndipo mwana akanena kolapa zomwe akuchitidwa, iye sanachimwe, wansembe wanzeru amamulimbikitsa kuti akazinenenso kunja kwa kolapa, kwa iye kapena kwa wamkulu wina, kuti thandizo liyambe.

China chomwe anthu amalakwitsa, amati wansembe amakana kukhululukira munthu mpaka atakadzipereka kupolisi. Chikalata cha ku Rome cha 2019 chija chinanena momveka kuti kudzipereka ku boma sikungaikidwe ngati chikakamizo choti munthu alandire chikhululukiro. Koma wansembe akhoza kulangiza, akhoza kuchonderera, ndipo kubweza chomwe unaba nde ndi mbali ya kulapa kwenikweni. Ndikukhulupirira kuti maganizo obweza ndalama aja mlongo wanu anawatenga pampando pomwepo. Dziwaninso kuti womangidwa pakamwa ndi wansembe, wolapayo ali ndi ufulu wofotokoza yekha zomwe analapa ngati wafuna.

Tsono muchite chani inuyo panopa.

Musapite kwa abusa aja kukawapempha kuti akakane kapena akasinthe nkhani. Ndikudziwa amayi akhoza kufuna kutero, atenge nkhuku apite akagwade, koma kunyengerera mboni ndi mlandu pawokha, mudzapezeka m'nyumba imodzi muli omangidwa awiri, komanso mukhala mukumupempha munthu kuti akaname atagwira Baibulo. Kwa ansembe musapite nkomwe kukafunsa kuti kodi anakuuzani chani kapena mukanena chani, sakuyankhani, ndipo kusayankhako musakuone ngati nkhanza.

Munthu amene mlongo wanu akufunika kumuuza zonse popanda kubisa ndi loya. Chinsinsi cha pakati pa loya ndi munthu amene akumuimira nde chomwe makhoti a mwambo wathu uno amachilemekeza mosakayikitsa, ngakhale woweruza wa 1881 uja amene anakanira ansembe anavomera cha loya. Ngati ndalama palibe, kuli a Legal Aid Bureau omwe ntchito yawo ndi kuimira anthu osowa, funsani kwa kalaliki pa khoti la majisitireti akuuzani mowapezera, komanso kuli ma paralegal, anthu othandiza pa za malamulo, a bungwe la PASI amene amayendera anthu m'maselo ndi m'ndende. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko limamupatsa ufulu wokhala chete, ufulu wosakakamizidwa kuvomera mlandu, ufulu woonana ndi loya, komanso woti afikitsidwe kukhoti pasanathe maola 48 chimugwirireni, kupatula ngati nthawiyo yathera pa tsiku lomwe khoti siligwira ntchito. Werengani masiku kuchokera pomwe anamutenga, ngati apitirira kafunseni mwaulemu koma molimba. Loyayo mukamufotokozere bwinobwino kuti kwa abusa kunali ndani ndi ndani, anakhala pati, mlongo wanu ananena kuti izi zithere pompano kapena ayi, ndalama zinali zingati ndipo zinafika kapena sizinafike, chifukwa ngati pali poti atsutsire umboni wa abusa adzatsutsira pa tinthu timeneti. Ndipo pa foni ndi pa WhatsApp lekani kukambirana za mlanduwu, gulu la banja lija lili ndi azilamu ndi azisuweni oposa makumi awiri.

Sindikulemba izi kuti mlongo wanu azembe mlandu. Akuluakulu anati mlandu suwola, ndipo iye mwini anaonetsa kale kuti sakufuna kukhala nawo m'mimba. Ngati loya ataona mafayilo nkumulangiza kuti kuvomera ndi kupempha chifundo nde njira yabwino, musamuletse chifukwa cha manyazi a pamudzi. Mu imelo yanu mwatchula mnyamata woweta uja mzere umodzi wokha, ine ndakhala ndikumuganizira sabata yonseyi. Anyamata oweta ng'ombe kuno ambiri ndi ana a anthu osauka, amagona pafupi ndi khola chifukwa cha ndalama yochepa ya pamwezi, ndipo ndalama yomwe inapita kwa mwini ng'ombe ija nkutheka iye sanaone olo kobiri. Mufunseni loyayo njira yoyenera yoti banja lanu limuthandizire pa za kuchipatala popanda kuoneka ngati mukugula mboni, mwina kudzera kwa amfumu kapena mlandu ukatha.

Amayi auzeni kuti ansembe aja sanena. Za abusa auzeni zoona, kuti akhoza kuitanidwa ndipo akhoza kuyankha, ndipo asawasungire chakukhosi akatero. Mukamapita kukamuona mlongo wanuyo mutengereni madzi akumwa ambiri pamodzi ndi chakudyacho, m'selo mwezi uno kuno kuchigwa simukhalika, ndipo mundilemberenso tsiku la kukhoti likadziwika.